Nyumba ya bambo ndinaisinthanitsa ndi ndowa ya chimanga

Ine ndi amene ndinagulitsitsa nyumba ya bambo anga, ya zipinda zinayi, ku Mandava m'tauni ya Zvishavane kuno ku Zimbabwe, ndipo chimene tinapatapo ndi ndowa imodzi ya chimanga ndi sopo wamtali mmodzi. Sindinaledzere ayi, ndipo palibe anandiloza mfuti. Ndinawagwira ndekha amayi dzanja kuti adinde chala papepala, masana dzuwa likuswa mtengo. Zaka zapita koma ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umawira, choncho inu owerenga mundikhululukire ndikamalankhula mokalipa.

Bambo anachoka ku Balaka ali mnyamata, n'kudzagwira ntchito pansi pa mgodi wa asibesitosi mpaka chifuwa chinawatenga. Chimene anatisiyira ndi nyumba imeneyo basi. Ine ndinabadwira konkuno, Chishona ndimachilankhula ngati eni ake, koma chitupa changa chinalembedwa kuti ndine mlendo. Pamsika pamene ndinkagulitsa matemba ndi tomato, tikangosemphana pang'ono ndi anzanga mawu ake anali omwewo: "Mubhurandaya, dzokera kwenyu!" kutanthauza kuti iwe Mmalawi, bwerera kwanu. Kwathu kwake kuti? Ku Malawi ndinali nditapitako kawiri kokha, konse kumaliro.

M'chaka cha 2008 zinthu zinafika pothina. M'masitolo munali mashelufu okhaokha, mtengo wa buledi wam'mawa sunali wamadzulo. Amayi anayamba kunena kuti atopa, akufuna akafere kwawo. Tinawaimbira amalume ku Balaka, ndipo posakhalitsa anatipezera nyumba yanjerwa zootcha, yamalata. Mwini wake ankafuna makwacha, ndipo anatipatsa miyezi inayi. Ndinali ndi marandi anga ochepa amene ndinasunga pogulitsa madoyilo, tinsalu toluka toyala patebulo, ku Joni. Ndinawatumiza onse kudzera kwa dalaivala wa basi kuti akhale chikole. Zotsalazo tinati zidzachokera pa nyumba ya ku Mandava: tigulitse, tisinthe ndalamazo zikhale marandi, tikafika ku Malawi tikasinthe makwacha.

Ogula anabwera awiri. Woyamba anali korokoza wina wochokera ku mgodi wa Gaika ku Kwekwe, awa okumba golide paokha, wa makolo a ku Mozambiki. Anafika ndi magambutsu a matope ofiira, n'kutulutsa marandi m'jumbo ya shuga, n'kuwayala patebulo pathu. Anali okwanira kumalizira nyumba ya ku Balaka, kukwerera basi, n'kutsalako tochepa toyambira geni. Anati tikafuna tipite kwa loya tsiku lomwelo.

Wachiwiri ndiwatchula kuti a Nkhoma, ngakhale si dzina lawo. Anali mkulu wa mpingo wathu, komanso ndi amene ankasunga buku la sosayiti yathu ya maliro. Makolo awo ndi a ku Balaka komweko. Inu amene simunakulire pamgodi mwina simungamvetse. Kwa ife, munthu wochokera boma limodzi ndi bambo ako ndi m'bale wako, umamugwadira popereka madzi, sungamukanize kanthu. Bokosi la bambo anga analinyamula nawo iwowa.

Anandiitanira pakhonde n'kunena motsitsa mawu: "Mwana wanga, nyumba ya mnzanga ipite kwa korokoza ine ndili moyo? Komanso kugulitsa nyumba m'marandi ndi mlandu. Apolisi akamva, ndi chitupa chako cha mlendocho, udzatuluka liti?" Kenako anatchula mtengo wawo m'madola a Zimbabwe. Nditawerengera pafoni malinga ndi mmene anyamata osintha ndalama pa renki, pokwerera maminibasi, ankasinthira tsiku limenelo, ndinapeza kuti unali kuwirikiza kawiri wa korokoza uja. Maso anga anatong'oka.

Amayi sanapiteko kusukulu, koma anakana. Anati, "Iwe, tenga za mnyamatayo. Papsa tong'ola, sudziwa mtima wa moto." Ine ndi Fomu 2 yangayo ndinawaseka. Ndinawauza kuti masamu sanama, ndiponso a Nkhoma ndi akwathu, ndi munthu wa Mulungu. Ndinawanyengerera masiku atatu mpaka anangoti, "Chita zimene waona." Korokoza uja ndinamubweza ndi jumbo yake, mwamwano ndithu, ngati wabwera kudzapempha.

Kwa loya, papepala panalembedwa mtengo wa madola a Zimbabwe uja, ndipo pansi pake panali mzere wakuti ogula alipira pasanathe miyezi itatu. A Nkhoma anati akudikira ngongole ya kubanki, koma isatidetse nkhawa, sabata ziwiri sizitha. Mzerewo ndinauwerenga, sindinganame kuti sindinauone. Ineyo, munthu wa pamsika, amene ndinkasintha mtengo wa tomato kawiri patsiku, ndinavomera mtengo wa nyumba kuti uime miyezi itatu! Mpaka lero sindidziwa kuti nzeru zanga zinapita kuti.

Sabata ziwiri zinatha, mwezi unatha. Lamulungu lililonse potuluka m'tchalitchi a Nkhoma ankandigwira dzanja n'kumati banki ikuchedwa, ndipirire. Ine ndinkadutsa pa renki kufunsa kuti randi ili pati lero, ndipo tsiku lililonse nyumba ya bambo inkachepa ndikuona. Poyamba chinachoka chipinda chimodzi, kenako denga, kenako ndinangosiya kufunsa. Amalume ankaimba foni kuti mwini nyumba uja akufunsa, ine n'kumati ndalama zili m'njira.

A Nkhoma analipira tsiku lomaliza lenileni la miyezi itatu ija, ndi cheke. Mazilo ake anali osakwana pamzere. Chekecho chinatenganso masiku kuti chilowe. Chitalowa, kubanki anati munthu amaloledwa kutapa ndalama zochepa patsiku, ndipo zochepazo, utaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka masana, sizinkakwana ngakhale kulipira minibasi yobwerera kunyumba. Mapeto ake ndinapita kwa mmodzi wa osintha ndalama aja kuti ndimusamutsire zonse mu akaunti yake, iye andipatse marandi. Zimene anandiika m'manja ndi zimene ndinagulira ndowa ya chimanga ndi sopo uja.

Ndiye mvetserani chimene chimandipsetsa mtima koposa. Wosintha ndalamayo ataona dzina pa kapepala ka kubanki anaseka, n'kundiuza kuti mdala ameneyu amamudziwa. Masiku awiri asanalembe cheke changa anabwera kwa iyeyo kudzawotcha ndalama. Kuwotcha kunali kotere: umapereka timadola ta ku America tochepa pamanja, iwo n'kukuthirira phiri la madola a Zimbabwe mu akaunti. A Nkhoma anawotcha timapepala tiwiri tokha. Ngongole ya kubanki kunalibe n'komwe. Anangokhala phee miyezi itatu, akuimba nafe nyimbo, kudikira kuti nyumba ya mnzawo wakufa itsike ifike pa mtengo wa mbuzi yodwala.

Ndinapita kwawo ndikulira ndi ukali. Sanakweze mawu. Anangoti, "Ndalipira monga tinalembera, tsiku lake silinapitirire. Ndakubera chiyani, mwana wanga?" Loya anati pepala lili bwinobwino, palibe chochita. Akuluakulu a mpingo anati abale satengerana kukhoti, tikhululukirane. Kukhululukirana! Ine ndinawalakwira chiyani choti andikhululukire? Ku Balaka nako nthawi inatha, nyumba anagulitsa kwa wina, ndipo chikole changa anati chinadyedwa kale. Korokoza uja anagula nyumba ina mizere itatu kuchokera pathu, ndipo mpaka pano tikakumana amandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumayang'ana pansi.

Tinalibe kopita. A Nkhoma, mwa chifundo chawo chachikulucho, anatilola kuchita lendi kachipinda ka kuseri kamene bambo anamanga kosungiramo nkhuni ndi mafosholo. M'nyumba yaikulu analowetsamo mwana wawo ndi mkazi wake. Chaka chotsatira dziko litayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America, lendi anaifuna m'madola omwewo, pa 1 mwezi uliwonse, osachedwa. Pamenepo ndiye anadziwa kuti ndalama simadikira.

Amayi sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. M'mawa uliwonse ankasesa bwalo lonse monga ankachitira kale, mpaka pakhomo la kutsogolo. Mapeyala a mu mtengo umene bambo anadzala ankachita kupempha kwa mpongozi wa eni ake.

Amayi anamwalira patatha zaka zitatu, ku Malawi osakuonanso. Mwambo wathu mukuudziwa, munthu amagona m'nyumba mwake asanapite kumanda. Bokosi silikanatha kukhota pa kachitseko ka kachipinda kathu. Ndinameza ukali wanga wonse, ndinapita kukagwada kwa a Nkhoma kuti amayi agone pabalaza pawo pakale kwa tsiku limodzi lokha. Anati pabalaza aikapo matailosi atsopano ndi masofa, khamu la anthu lingawononge, koma tenti ya sosayiti atibwereka mwaulere. Amayi anagona panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, moyang'anizana ndi chitseko chimene anakhala akutsegula zaka makumi atatu. Ndipo wolalikira pamalirowo anali a Nkhoma omwewo. Anatambasula manja n'kunena kuti pansi pano si kwathu, tonsefe ndife alendo, tisaike mtima pa nyumba za njerwa. Anthu anavomera kuti ameni. Ine ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe.

Inu owerenga, makamaka inu muli kunja amene mukulota zogulitsa kuno kuti mukagule kumudzi, ndimvereni. Mtengo wa kuno muupangane m'ndalama imene siisungunuka, imene wogulitsa wa uko angailandire, ndipo muilandire tsiku lomwelo mukusaina. Wina akakuuzani kuti akudikira ngongole, muuzeni abwere ikatuluka, nyumba siithawa. Musatumize chikole kudziko lina zotsalazo musanazigwire m'manja. Ndipo mawu akuti "ndi akwathu" musawaike pamalo pa ndalama, chifukwa wachilendo wa matope kumapazi anabwera ndi zoona m'jumbo, pamene wakwathu wa Baibulo m'khwapa anabwera ndi mazilo.

Koposa zonse, kholo lanu likakana kudinda, musaligwire dzanja. Ine tsiku lija kwa loya ndinamva chala cha amayi chikulimba, chikubwerera m'mbuyo, ndipo ndinachikanikiza.