Chinkhwe Chimene Chinkadya Nyumba Yathu

Chinkhwe chija anagula ndi amuna anga, ine ndisakufuna. Anabwera nacho m'katoni Loweruka lina, akuti ana akula ndipo apita, nyumba yazizira. Ine ndinati kwathu mbalame timaweta yoti tsiku lina igwere mumphika, nanga iyi ya mlomo ngati chikwakwa tidzaitani? Anangoseka. Madzulo aliwonse ankacheza nacho, kuchiswera mtedza, kuchikanda pamutu, mpaka chinatenga mawu awo enieni ndi kakhosomoledwe komwe. Ndikamatsegula chitseko pochokera kuntchito chinkati, "Mwafika mayi? Pepani ndi chisanu."

Kenako sitiroko inawagwira. Anabwerako kuchipatala mbali ya kumanja itafa, lilime litalemera, chifuwa chitafooka moti tinapatsidwa makina a mpweya okhala ndi kapaipi kofewa kochokera pakona mpaka m'mphuno mwawo. Munthu amene ankayankhula pamaliro a anzathu onse kuno kutsidya la nyanja ku Etobicoke anatsala ndi liwu limodzi, loti "eya". Chowasangalatsa chinatsalanso chimodzi. Chinkhwecho chikatera paphewa lawo lamanzere n'kumawaseweretsa khutu, m'pamene ndinkaona mano awo.

Koma poti wocheza nacho anali atakhala chete, chinayamba kudya nyumba. Sikudya kwenikweni, chinkangotafuna n'kulavula. Chinayamba ndi felemu la chitseko cha kubafa, chinapita ku miyendo ya mipando, mabatani a limoti ya wailesi yakanema, chikuto cha buku langa la nyimbo. Ine ndimasamalira okalamba ku North York, mabasi awiri popita, awiri pobwera. Masana kunkabwera mayi wothandiza odwala, koma iye mbalameyo ankaiopa. Ndikafika, msana uli phwiii, ndinkapeza tizibenthu ta matabwa tili mbwee pakapeti.

Ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Ndinachikalipira, ndinachiopseza ndi tsache, icho n'kumangondipendekera mutu ngati wamisala ndine. Nditachitsekera m'khola mwake tsiku lonse, chinakuwa mpaka aneba anagogoda, ndipo amuna anga anakana kudya. Ndinachitsegulira ndekha, ndikutukwana chamumtima.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ndinadandaulira mnzanga wa ku Chipata, yemwe ndi namwino. Anandigwira mkono akuseka.

"Manje imwe amake mwana, simunaletsepo mwana kuyamwa? Pakani mpilipili paliponse, chizasiya chokha, believe me."

Zinandimvekera, pakuti ana anga onse awiri ndinawasiyitsa bere ndi tsabola. Ndinatulutsa kambuzi amene mlamu wanga ananditumizira kuchokera kumudzi, yemwe ndinkamuumira ngakhale alendo. Ndinamusinja, kuthiramo timadzi, n'kupaka mafelemu, miyendo ya tebulo, m'mphepete mwa kabati. Ndiye poti chimene ndinkaopa kwambiri chinali kapaipi ka mpweya, ndinapakanso pamenepo, chigawo chonse chimene chinkakwawa pansi. Chinkhwe chinali chisanakakhudzepo n'kamodzi komwe. Ndinasamba m'manja ndikudzitama kuti lero wakumana nazo.

Sindinkadziwa kuti mbalame tsabola samaiwawa. Kwa icho ndinali nditangokometsera ndiwo.

Mawa lake masana, poti linali tsiku langa lopuma, ndinatsikira kuchipinda chochapira anthu tonse cha pansi pa nyumba yathu yosanjikizana. Makina ochapira anali odzaza, ndinadikira, ndinachezanso pang'ono ndi mayi wina. Pobwerera ndinapeza amuna anga atapendekeka pampando, milomo itatuwa, thukuta lili kamukamu. Chinkhwe chinali pansi, chitagwira kapaipi ndi phazi limodzi ngati munthu wodya nzimbe, katadukaduka. Iwo anaona zonsezo zikuchitika, osatha kuitana munthu. Kapaipi kena kanali m'dilowa, ndipo manja anga ntchitoyi amaidziwa. Ndinagwada pamenepo ndikuwerenga kapumidwe kawo mpaka nkhope inabwerera. Atapezako mphamvu anatambasula dzanja lamanzere. Ndinayesa akufuna ine, koma ankaitana chinkhwe.

Ndinalira tsiku limenelo, kulira kwa mkwiyo, chifukwa wolakwa ndinali ine ndipo wondikalipira panalibe. Ndinatsuka tsabola yense, koma chinali chitakadziwa kale kapaipiko. Ndikangotembenuka, chinkatsika n'kumakalondola. Kutsekera chinkhwe kunali kuwamana chakudya, kuchitsegulira kunali kuwamana mpweya, ndipo ntchito sindikanasiya.

Mwana wathu wamkazi anapeza mayi wina wa ku Oakville amene amalandira mbalame zolephereka eni ake. Pafoni anangoti, "Mom, please. It has to go." Ndinakhala pambali pa bambo akewo n'kuwagwira bondo.

"Bambo, chinkhwechi chipite. Ndalephera. Mwandimva?"

"Eya," anatero, misozi ikutsikira m'khutu. Mawu ena oti akane nawo analibe, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo pofunsa.

Ndinapita nacho pasitima, khola nditalifunditsa chitenje. Mayiyo anali waulemu. Nditamuuza za tsabola sanaseke, anangoti zinkhwe zimamukonda kwabasi. Anati chinkatafuna chifukwa chosowa wocheza naye, ndipo chikanafunika nthambi zaziwisi, makatoni akale, ndi munthu wokhala nacho tsiku lonse. Ndinayang'ana chipinda chake chodzaza dzuwa ndi nthambi, ndinavomera ndi mutu. Anati tizibwera kudzachiona. Sindinamuuze kuti mwini wake ngakhale pakhonde safika.

Chichokereni chinkhwecho palibe chimene chaonongeka m'nyumba muno, ndipo makina akungolira bwinobwino pakona. Amuna anga ndimawasambitsa, kuwameta, kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Sakana chilichonse. Ndikabweretsa phala amatsegula pakamwa, kumeza, kutsegulanso, maso ali kukhoma. Mpweya ndinawasungira ndithu, koma ndikamawapukuta pakamwa ndimadzifunsa kuti ndinawasungira kuti azipumira chiyani.