Nkhoswe Yanga Inapita ku Besibolo

Ku Oshawa, tauni ya kufupi ndi Toronto, m'zaka za m'ma 1970, ndinkasamalira nkhalamba ina yachizungu m'nyumba mwake momwe. Pa unyamata wawo bambowa ankasewera besibolo yolipidwa, mpira uja womenya ndi chibonga. Iwo anali wowakha mpira, amene amanjuta kumbuyo kwa womenya. Zala zawo zinali zokhotakhota ngati chinangwa, moti mabatani a malaya ndinkawamangira ndine.

Nkhani yawo inali imodzimodzi tsiku ndi tsiku: masewera a chaka china pa nthawi ya umphawi waukulu wa m'ma 1930. Timu yawo inkayenda pa basi yodontha, kugona m'masiteshoni, oonerera kulibe. Anzawo anathawa mmodzimmodzi. Iwo anatsala chifukwa woponya wawo anali wamantha, akapanda kuwaona patsogolo pake sankaponya bwino.

"Sindikanamusiya yekha, mwana wanga," ankatero, misozi ili lengelenge.

Mawu akuti mwana wangawo ndi amene anandipweteketsa. Kwathu ku Dedza munthu wamkulu akakutchula choncho ndiye kuti wakutenga. Ine kupusa, ndinayamba kuwatcha bambo.

Kenako ndinapeza wondifunsira, mwamuna wa ku Mulanje wogwira ntchito m'chipatala ku Toronto. Iye anali ndi amalume ake chapafupi, ku Mississauga. Ine ndinalibe ngakhale msuweni. Ndinagwada pa kapeti n'kuwapempha bambo aja kuti akhale nkhoswe yanga. Ndinawafotokozera bwinobwino kuti si nkhani yongodya, nkhoswe ndiye amaimira mtundu wako, ndipo banja likavuta umathamangira kwa iyeyo. Anandigwira dzanja nati adzabwera ndithu, mwana wawo wamkazi adzawaperekeza.

Loweruka la chinkhoswe tinasonkhana m'chipinda chapansi pa tchalitchi. Akuchimuna anakhala mbali yawo atatchena. Mbali yanga kunali mpando wopanda munthu. Nkhuku yowotcha yoti ankhoswe agawane inazizira pa tebulo. Ndinatuluka kukaimba foni, anayankha mwana wa bambo aja.

"Ndani? Oo, mtsikana wantchito uja? Adadi ali ku bwalo la mpira. Timu yatsopano yaitana osewera akale kuti akawaombere m'manja."

Nditabwerera, amalume aja anandifunsa mwaulemu, pamaso pa onse: "Mayi, kodi kwanu kulibe anthu?" Manyazi amenewo sindidzawaiwala. Mayi wina wa ku Zambia, amene ndinamudziwa tsiku lomwelo, anadzuka n'kugwira mwendo wa nkhuku kuti mwambo ungotha.

Lolemba ndinawapeza bambo aja akumwetulira, chipewa chatsopano cha timu chili kumutu.

"Nanga kaphwando kako kanayenda bwanji?"

Kaphwando, abale. Mtima unandiwira koopsa. Ndinawameta ndevu, ndipo mwezi utatha ndinasiya ntchitoyo.

Patapita zaka banja lathu linayamba kugwedera. Tikayambana, mwamuna wanga ankakwera basi kukadandaula kwa amalume ake ku Mississauga. Ine ndinkavala chijasi, kufika pa chitseko, n'kuchivulanso.