Tsiku limene mwana anandiuza kuti "Siya"

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi a kunyumba.

Pachipatala ndinalowa ngati wokolopa, mnzanga wa mumpingo atanditsina khutu kuti kuli malo. Kusukulu ndinabwerera kukaphunzira zachipatala ndili ndi ana kale, ndipo pamene ndinkayamba kuchita maopareshoni a amayi, imvi zinali zitatuluka. Zaka zambiri ndinkang'amba mimba n'kulowetsa dzanja, zala n'kumandiuza zonse. M'balamo ndinkaonamo ndekha.

Kenako kunabwera madokotala achinyamata ophunzira ukatswiri, atanyamula zida za opareshoni yoboola timabowo. Pamchombo umalowetsa kamera, m'mbali chopanira ndi lumo zazitali, maso ali pa sikirini. Ankati kunja zida zoterezi zimagwiridwa ndi loboti, ndipo dokotala wa za amayi, wa matumbo ndi wa impso amaphunzirira pamodzi. Mphunzitsi wawo anatisakaniza chimodzimodzi. Ine tulo tinasowa. Dzanja ukalipititsa kumanja, nsonga imapita kumanzere, ndipo chilichonse chimene ukuchita aliyense akuchiona.

Tsiku lovuta linali la mayi wina wa ku Chiringa, wa chotupa pafupi ndi chiberekero. Mphunzitsi anati ndichotse ine, iye ataima kumbuyo. Kamera anagwira Tadala, mtsikana wophunzira za impso, wamsinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Ndinapana kanthu koyera konga chingwe, ndikuyesa ndi mnofu womata chotupacho.

"Bambo, pepanitu," anatero Tadala, "kapena mwina tikanaonanso pang'ono..."

Ndinamva, koma ndinangoti ndi mantha a ana. Lumo ndinalitsegula.

"Siya!" anakuwa Tadala.

M'fiyetamo, chipinda cha opareshoni, anamwino anayang'ana pansi. Chimerere imvi, palibe amene anali atandiyankhulapo choncho. Ndinasiya.

"Taonani," anatero Tadala, akuloza sikirini. Kachingwe kaja kanayenda kokha ngati nyongolotsi. "Ndi njira ya mkodzo iyo, yochokera ku impso. Mukadula, mayiwa azingodontha."

Opareshoni anamaliza ndi mphunzitsi, ine nditaima pambali. Mtima unali pa mayi wina wa kwa Chiwalo amene ndinamuchotsa chiberekero kalekale. Anabwerera akudontha mkodzo, mwamuna atamuthawa, ine n'kumuuza kuti nthawi zina zimangochitika. Tsiku la opareshoni yakeyo namwino wina anatsokomola kawiri pambali panga, osanena kanthu. Kaya anaona, mpaka lero sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti m'fiyeta ulemu ukachuluka, amene amavulala ndi wogona patebulo.

Madzulo Tadala anabwera, manja ali kumbuyo. "Bambo, ndinakulalatirani."

M'mawa mwake ndinalawirira kuchipinda chophunzirira, kumene kunali bokosi loyeserera zida zija. Ndinakhala pabenchi ya ophunzira, ndipo Tadala atalowa ndinamupatsa kamera.

"Undionetse njira ija kuyambira ku impso," ndinatero. "Ndipo ndikalakwa, usayambe ndi pepani."