Nandolo wa Atsikana a Tadzuka

Kodi munaonapo mayi wa mutu wa imvi, bondo lotupa, akuyenda midzimidzi kufunafuna chikho chimodzi cha nandolo? Amenewo ndi mayi Dorothy a ku Milepa, aja amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi chipatala.

Sukulu sanapite nayo patali, analekezera Sitandade 4. Koma ndi iwowa anayambitsa gulu la Atsikana a Tadzuka, ataona ana akukwatiwa asanadziwe n'kuchapa komwe. Loweruka lililonse ankawasonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, kuwaphunzitsa kusoka, kuimba, ndi kukana mwamuna mosagwetsa nkhope.

Gululi linali ndi mwambo wake. Mtsikana akalowa, ankalandira chikho cha nandolo wamawangamawanga, mbewu imene mayi Dorothy anasiyiridwa ndi amayi awo. Akadzala n'kukolola, ankabweza chikho chomwecho kuti wobwera m'mbuyo alandireko, wotsalayo n'kugulira makope ndi sopo. Mbewuyo inkakhala mumtsuko, yothira phulusa kuopa anankafumbwe.

Ndiye kunabwera namondwe uja. Khoma la nyumba ya mayi Dorothy linagwa, mtsuko n'kupita ndi matope. Chaka chotsatira dzuwa linawotcha, wotsala m'minda anthu anadya, nanga njala imadziwa mbewu? Atsikana atsopano anayamba kulowa chimanjamanja, ndipo amabwera kawiri katatu basi osaonekanso.

Chaka chino gulu limakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu. Komiti inakhala pansi. Mayi Easter, apampando, anati pakhale zitenje zofanana zochokera ku Limbe, keke, perete, ndi chimkuzamawu.

"Zonsezo n'zabwino, achemwali," anatero mayi Dorothy. "Koma anawa tidzawapatsa chani m'manja? Keke amadzala?"

"Nandolo ali mbwee pamsika, tikagule."

"Wapamsika si wathu. Ine ndalumbira pamaso pa Mulungu, tsikulo ana alandira wamawanga."

Mayi Dorothy anayamba kuyenda. Pena kabaza, pena wapansi, bondo atamanga kansalu. Anafika kwa atsikana akale a gululi ku Likoswe, wina anati tinadya, wina anati bambo a kunyumba anasintha mbewu. Wa ku tauni anatumiza mafuno abwino pafoni. Mayi Dorothy akabwera amangogwada, "Ambuye, miyendo ndi yanu, musandichititse manyazi."

Kenaka wina anawatsina khutu kuti ku Mbulumbuzi kuli munda wa nandolo wamawanga. Mwini wake Subira.

Subirayu anali mtsikana wa m'gulu momwemo, woyambitsa nyimbo. Anatenga mimba ali Sitandade 8. Palibe anamuthamangitsa, koma maso a anthu ndi manong'onong'o zinamukwana, anangosowa n'kukakhala kwa azakhali ake.

Anamupeza pabwalo akupuntha nandolo, mwana wamkazi wamsinkhu akupeta pambali.

"Odi kuno!"

Subira anaponya ndodo pansi. "Amayi! Mwasochera kapena?"

"Kusochera ine? Ndabwera kwa iwe, mwanawe."

Anawayalira mkeka. Mayi Dorothy anatapa nandolo uja m'manja, misozi n'kulengeza. Anali yemwe uja. Anafotokoza zonse, za mtsuko, za chikondwerero.

Subira anaseka kuseka kowawa. "Ndiye mwandikumbukira chifukwa cha nandolo?"

"Ndisakunamize, wandibweretsa ndi nandolo. Koma poti ndakuona, sindimunyamula. Udzabwere naye wekha."

"Kuti adzandiloze zala?"

"Akadzaloza iwe adzayambe aloza ine. Kodi mwanayu ndi uja?"

"Ndi yemweyo. Maluwa, dzapereke moni kwa agogo."

Atabwerera, nkhani inavuta ku komiti. Mayi Easter anati, "Si kuti ndikumuda mwanayo ayi. Koma makolo adzati chani? Tsiku lonyadira atsikana opirira sukulu, kutsogolo tiikeko amene anagwa?"

"Anagwa inde," anayankha mayi Dorothy. "Nanga dzina lathu ndi Sitinagwe? Ndi Tadzuka. Mbewu mukuifuna, mwini wake ayi? Ngati iye sakhala kutsogolo, ine ndikakhala naye kumbuyo, kekeyo mudule nokha."

Mayi Easter anapukusa mutu, n'kuti, "Inu ndi mutu wanu uwo. Chabwino, chitenje chake ndisoka ndine."

Tsiku linafika, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee. Perete inayenda, nyimbo zinaimbidwa, keke anadulidwa, Subira osaoneka. Atsikana atsopano anandanda kudikira mbewu, mayi Dorothy atagwira chikho chopanda kanthu, milomo ikungogwedera ndi pemphero. Anthu anayamba kuyang'anana.

Mpamene Subira anatulukira pa njira ya kumsika, dengu pamutu, Maluwa pambuyo. Kabaza anali ataphulika tayala, ndiye anayenda wapansi. Atafika m'mphepete mwa bwalo anaima. Mayi Dorothy anatsimphina kukamugwira dzanja, n'kuyambitsa nyimbo ija ankayambitsa iyeyo kale. Mawu awo ndi osasa, anaiphonya poyambira pomwe. Subira anaseka misozi ili chuchuchu, n'kuilanda nyimboyo, bwalo lonse linavomera.

Chikho choyamba analandira Maluwa. Anamupatsa ndi mayi Easter.

Mvula yagwa bwino, Mulungu alemekezeke, ndipo mbewu yamera. Loweruka lililonse Subira amaperekeza mwana wake, ndiye amaphunzitsanso nyimbo. Bondo la mayi Dorothy silinapole, koma pansi pa mango sajomba. Musangomva za ine. Kwerani kabaza mupite ku Milepa, mufunse amayi a zitumbuwa, akakutengereni kuminda ya anawo mukaone ndi maso anu.