Liwu la m'Kalata ya Alangizi

Kalatayo inabwera fodya atakhwima m'munda mwathu ku Kapelula. Inachokera kwa alangizi a zaulimi, yolembedwa m'Chingerezi. Baibulo ndimawerenga bwinobwino, koma Chingerezi cha m'maofesi sindichitha. Choncho ine ndi malemu akazi anga tinapita nayo kwa aphunzitsi a pasukulu yoyandikana nafe, bambo wa malaya osita tsiku lililonse.

Aphunzitsiwo anaika chala pa liwu lalitali, notwithstanding.

"Amayi, liwu ili lakukomerani," anatero. "Ndi la m'makhoti akale a ku Mangalande, analitengera ku Chilatini. Limavomera kuti chotchinga chilipo, koma chisatchinge. Akuti ngakhale sukulu munalekezera sitandade 6, akusankhani mukaphunzire ku Kasungu sabata imodzi, mudzatsogolere alimi anzanu."

"Ndiye Azungu amafuna liwu lotalika ngati mzere wa fodya pongofuna kunena kuti ngakhale?" anafunsa akazi anga.

Anaseka onse awiri. Kuseka koteroko kunyumba kwanga ndinali ndisanakumve kwa nthawi yaitali. Aphunzitsi analemba tanthauzolo ndi pensulo m'mphepete mwa kalatayo.

M'mawa mwake tinali m'chigafa, akazi anga akusoka masamba, ine ndikupachika. Ankalitchula liwulo pang'onopang'ono, momwe analitchulira aphunzitsi, kenaka n'kumwetulira okha. Ine mtima ukuwawa.

"Abambo, alangizi ndiwayankhe chiyani?"

"Fodya wakhwima, mayi. Mukachoka asoke ndani? Tsamba silidikira."

Sindinaname. Koma chaka chilichonse ntchito ikatichulukira tinkaitana mlongo wanga wa ku Njombwa kudzasoka, ifenso n'kukamuthandiza wake akakhwima. Akazi anga ankadziwa zimenezo. Anandiyang'ana kanthawi, n'kutola singano. Ku Kasungu kunapita mayi wina.

Aphunzitsi aja sanandilakwire kanthu. Patapita zaka ziwiri anawasamutsa, ndipo sindinamvepo choipa chilichonse cha iwo.

Akazi anga atamwalira, kalatayo ndinaipeza m'buku lawo la nyimbo, yong'ambika m'mopinda, pensulo itayamba kufufutika poyendapo chala. Lamulungu lililonse inkalowa nawo m'tchalitchi, ine ndili pabenchi la amuna osadziwa.

Za sabata imene ndinawamana ija ndapempha chikhululukiro kwa Mulungu, ndipo ndikhulupirira anamva. Chimene sichinachoke n'china. Ndikaona zilembo za pensulozo mtima umandiwawabe, kuti amene anawauza akazi anga kuti asankhidwa, n'kuwaseketsa motero, sanali ine.