Pachulu Sindisiya Kukwera

Mwaswera bwanji nonse.

Paja kuno ku Msoro netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi basi. Ndimakwera pomwepo kuti ndilowe mu laibulale ya ku yunivesite pafoni, ndizitsitsa mabuku anga a unamwino.

Lero masana ndili pamwamba, buku litatsala pang'ono kulowa lonse, apongozi anga atulukira ndi amayi awiri a kutchalitchi. Akuti mkazi wapabanja sakwera chulu ndi foni, ndiye kuti ndimacheza ndi mwamuna wa ku Chipata. Andilanda foni n'kutsika nayo. Netiweki yaduka pomwepo, buku lapita.

Chomwe apezamo ndi chithunzi cha chiwindi. Achiyang'anitsitsa atatu onse, kenako apongozi akuti, "Nanga mwamunayo wamubisa kuti?"

Ndagwada bwinobwino n'kuwauza kuti mayeso ayandikira, ndipo ndikweranso. Akafuna abwere ndi mphasa tiziwerengera limodzi.

Bambo a Tamara ali kuntchito ku Mfuwe, sakuyankha foni. Achimwene, azakhali, ndalakwa pati? Muyankhe msanga, ndikulemba izi ndili pachulu pomwepo.