Njerwa Ziwiri za ku Bangwe

Njerwa zowotcha zikanyowa ndi mvula, ngati izi ndikutsitsa mu lole lero, fungo lake limandibwezera mu Sitandade 6 ku Bangwe.

Aphunzitsi athu anali ndi chilango chawochawo. Ukajomba kokonzekera nyimbo zolandirira akuluakulu a chipani, unkaima kutsogolo utatambasula manja, njerwa uku, njerwa uku. Ikagwa, zikoti zisanu. Zanga zinagwa msanga, atsikana akuona.

Amalume, amene ankasenza matumba ku Makata, ataona mikwingwirima anangoti, "Usalire, mphwanga. Yamba ndi theka la njerwa. Lero nyamula, mawa pumula, nyemba usasiye m'mbale. Likapepuka, wonjezera."

Miyezi itatu ndinkachita zimenezo kuseri kwa bafa, n'kuwonjezera mapushapu mpaka mapewa kuyaka moto. Ndikafuna kugonja ndinkakumbukira nkhope ya aphunzitsi aja. Kenako ndinajomba dala.

"Bwera kuno, nyamula!" anatero aphunzitsi.

Ndinanyamula. Iwo anakhala pa tebulo, chikoti chili pamiyendo, kudikira. Nthawi ya masamu inatha. Thukuta linkandilowa m'maso, koma manja sanatsike. Kumbuyo wina anayamba kuseka, ndipo sankaseka ine.

Aphunzitsi anadzuka n'kundiyandikira mpaka ndinamva fungo la fodya m'kamwa mwawo.

"Basi, tsitsa."

"Sindinatope, sala."

"Ndati tsitsa, galu iwe!"

Ndinayang'ana pansi. Phazi lawo linali pomwepo, m'masandasi, zala zonse zili pamtunda. Ndinatsegula dzanja.